Sitima ya Apongozi Anga Ili Pansi pa Damu

Apongozi anga aamuna ali ndi sitima. Ndikanena choncho anthu amandiyang'ana mwaulemu, mpaka nditawonjezera kuti sitimayo ili pansi pa damu lina kuseri kwa Lupaso, ndipo yakhala pomwepo kuyambira mkazi wanga asanamere mano.

Mkuluyu anali wowotcherera zitsulo ku Msongwe. Ali ndi mphamvu zake anaganiza kuti Mzuzu, mzinda wa pamwamba pa mapiri wopanda doko ngakhale limodzi, ukusowa sitima. Anatolera zitsulo za matanki akale n'kumaziwotcherera kuseri kwa nyumba miyezi yambirimbiri, mpaka kunatuluka chibwato chokwana anthu khumi. Iwo ankati sitima, ndipo m'banjamo mpaka lero palibe amene amayerekeza kunena kuti bwato. Cholinga chinali choti akaiyese padamu la pafamu ina, ikapambana aitsitsire ku Nkhata Bay izikanyamula anthu ndi madengu a usipa.

Tsiku loyesalo kunabwera a kwaya, abusa, ndi theka la Msongwe. Sitima anaikankhira m'madzi yopanda munthu, ataimangirira chingwe, kuti abusa ayambe aidalitsa. Tsoka ilo abusawo anali a mapemphero aatali. Anayambira kwa Nowa, kudutsa kwa Yona, n'kukafika kwa Paulo. Pomwe ankati ameni anthu n'kutsegula maso, pamadzi panali thovu lokhalokha. Atakoka chingwe chinabwera chokha.

Kuchokera tsiku limenelo apongozi anga sanawotchererenso chinthu chachikulu. Anangokhala wa mbaula, mageti ndi makasu othyoka. Anthu anawapatsa dzina loti a Kaputeni, ndipo wina akawaitana choncho pamsewu ankangoyenda ngati sakumva. M'mtima mwawo munali funso limodzi lokha: kodi ndi pomwe anawotcherera iwo pamene panang'ambika?

Ine ndinalowa m'nkhaniyi ndi pakamwa panga. Ndine wa ku Blantyre, ndinakulira ku Ndirande, ndipo ndinabwera ku Mzuzu kudzagwira ntchito ya mu ofesi. Tsiku limene ndinakaonekera kwa makolo a mkazi wanga, apongozi anandifunsa za kwathu. Ndinali nditamva kuti amakonda za m'madzi, ndiye ndinakumbukira kuti agogo anga ankachokera chakufupi ndi nyanja ya Chilwa. Ndinayamba bwinobwino, koma lilime likatsetsereka silimva mabuleki. Pomaliza ndinali nditabadwira m'bwato, ndikusambira ndisanayambe kuyenda. Zoona zake n'zakuti madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a mtsinje wa Nasolo, ndipo nawonso ndinkawoloka podumpha miyala. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga unandidikira zaka zisanu ndi zinayi.

Unandipeza Lamulungu lina la mwezi wa Meyi, titaweruka kutchalitchi. Apongozi anali atakhala pakhonde atavala jekete ziwiri. Maso awo anali atayamba kuchita khungu chifukwa cha moto wa zitsulo, ndipo munthu ankamuzindikira ndi mawu.

"Mkweni," anatero, pakuti kuno mkamwini amamuitana choncho, "maso ghakumala, akutha ndithu. Ndisanafe ndikufuna ndidziwe za sitima yanga. Inu ndinu munthu wa m'madzi. Mukatsike mukaione."

"Adada, madzi a kuno ndi ozizira," ndinayankha.

"Enya, chomene. Koma mwana wa ku Chilwa saopa madzi."

Apongozi aakazi anatulukira pakhomo ndi thireyi ya tiyi, nkhope itakwinyika. "Zakale zisiyeni zigone. Mwana wa eni ake mumuphetsa ndi chisanu chifukwa cha chitsulo cha dzimbiri."

Ndinawakonda kwambiri amama tsiku limenelo. Ndinkaganiza kuti akundimvera chisoni ine.

Zonse zinali zitakonzedwa kale. Mkazi wanga ali ndi msuweni wake wamkazi amene amaphunzitsa alendo kumira pansi pa nyanja ku Nkhata Bay, atabereka botolo la mpweya kumsana. Ameneyo ndiye anali woti abweretse zipangizo n'kunditsogolera. Ndinafunsa mwaulemu ngati sizingatheke kuti mlamu wangayo akaone yekha, poti ntchito ndi yake.

"Yayi," anatero apongozi. "Uyo amandikonda, akandinamiza kuti ndisangalale. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Koma inu mkweni simunama."

Ndinachita manyazi kwambiri, koma osati okwanira kuti ndiulule.

Masabata otsatirawo ndinali ndi aphunzitsi awiri. Madzulo ndikaweruka ndinkadutsira ku Msongwe, komwe apongozi ankanditsinzinitsa n'kumandiyendetsa zala pa mbaula ndi pamageti. Ankati pansi pa damu maso sagwira ntchito, ndiye zala ziphunzire. Powotcherera bwino pamakhala timizere totsatizana ngati tsitsi lolukidwa ndi munthu wodekha. Pong'ambika chikhadabo chimalowa. Loweruka lililonse mlamu wanga ankakwera minibasi ndi katundu wake, n'kukandiphunzitsa padziwe losambiramo la pa loji ina m'tauni. Sizinamutengere nthawi. Ndinalowa m'madzi ofika m'chiuno, phazi n'kuterereka, ndipo ndinagwira khosi lake ngati ndikugwira mbala.

"Alamu," anatero atandiwongola, "ku Chilwa kwanuko, madzi anali ataphwa chaka chimene munabadwa eti?"

Ndinamupempha kuti asauze munthu. Anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anati adzandigwira dzanja kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo malo ake ndi osaya, ngati anthu atatu ataimirirana pamapewa. Anandiphunzitsa kupuma ndi pakamwa pokha kudzera pa kapaipi, kutsina mphuno kuti makutu asapweteke, ndi kulavulira m'magalasi kuti asachite nkhungu. Zolavulirazo ndinazikhoza tsiku loyamba.

Chimene chinandivuta ndi zizindikiro. Pansi pa madzi munthu salankhula, ndiye zonse ndi zala. Mnzako akafuna kudziwa ngati uli bwino amapanga kabowo ndi chala chachikulu ndi cholozera, iwenso n'kuyankha ndi kabowo komweko. Koma kuimika chala chachikulu kumatanthauza kuti tikwere, ndipo wina akangochiimika ulendo wathera pomwepo, palibe kufunsana chifukwa. Mlamu anabwereza zimenezi kangapo. Ine ndinkavomera ndi mutu, koma chala changa chachikulu chakumanja chili ndi moyo wakewake. Wa kabaza akandifunsa ngati ndakhala bwino, chimadzuka. Abwana akadutsa pazenera, chimadzuka. Ngakhale kwaya ikaimba bwino ndimachipeza chaimirira chokha pansi pa benchi. Kwathu tonse tinakula tikudziwa kuti chala chimenechi chimati zili bho.

M'mawa wa tsikulo ndinaganiza zovaliratu suti ya mphira kunyumba kwathu ku Nkhorongo, kuti ndisakavule pamaso pa apongozi. Ndinalimbana nayo mpaka thukuta m'mwezi wa Juni, mkazi wanga akukoka uku ine ndikudumpha, ndipo itakwana ndinatuluka monyadira zipi ili pachifuwa. Mlamu anangondiyang'ana n'kunena kuti zipi imakhala kumsana. Tinayambiranso.

Padamu tinafika nkhungu isanachoke. Mwini famu anali atatilola, ndipo dzulo lake mlamu anali atatsika yekha kukaipeza sitimayo n'kumangirirako chingwe chokhala ndi chigubu pamwamba. Apongozi aamuna anabwera atavala suti ndi tayi, n'kukhala pampando umene tinanyamula. Amama anakhala pambali pawo atakumbatira chikwama chawo cha kutchalitchi, ndipo njira yonse ankanena kuti kukubwera mvula, ngakhale panalibe wina woiona.

Za kuzizira kwa madzi a pa Mzuzu mwezi wa Juni sindifuna kukamba zambiri. Atangolowa m'khosi mwa suti ndinakumbukira machimo anga onse motsatizana. Mlamu anandikokera pachigubu ine ndili chagada ngati thumba la makala, kenako tinayamba kutsika ndi chingwe. Madzi anali obiriwira, kenako ofiirira, kenako sindinkaona kalikonse kupyola pamene dzanja langa linkafika. Ndinkangomva kupuma kwanga ndi mtima ukugunda m'makutu. Mwadzidzidzi bondo langa linagunda chinthu cholimba. Ndinapapasa, ndipo inali mphuno ya sitima, yoterera ndi ndere, yopendekeka pang'ono m'matope.

Ndinasangalala ngati mwana. Chinthu chimene ndinakhala ndikuchimva ngati nthano chinali m'manja mwanga. Mlamu anabweretsa dzanja lake pafupi ndi magalasi anga, atapanga kabowo kaja. Ine ndinamuyankha ndi mtima wonse. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinangomva akundigwira palamba, ndipo pang'onopang'ono sitima inatsalira pansi.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa titatulukira.

"Palibe. Zili bho."

"Nanga chalacho?"

Ndinachiyang'ana. Chinali chikadali chiimire.

Kumtunda apongozi anali ataimirira. "Mwawona vichi, mkweni?"

"Ndaigwira mphuno, adada. Ilipo."

"Basi, mwamva kuti ilipo," anatero amama akudzuka. "Tiyeni tizipita, mwanayu akunjenjemera."

Tinatsikanso. Ulendo uno ndinalumbira kuti chalacho ndichisunga m'chibakera. Ndinapeza mzere wa mbali yakumanja n'kuyamba kuutsatira ndi zala monga anandiphunzitsira. Ndikachotsa ndere, pansi pake panali timizere tija, tolongosoka, tosadukiza, ngati anawotcherera dzulo. Ndinayenda nawo mpaka pakati. Pamenepo mlamba wamkulu unatuluka m'sitimamo, unandiyang'ana ngati mwini nyumba amene wapeza mlendo kuchipinda, n'kudutsa pansi pa khwapa langa. Sindinachite mantha, ndipo zimenezo zinandinyaditsa. Mlamu anafunsa ndi kabowo. Chibakera chinatseguka chokha.

Titatulukira kachiwiri mlamu analankhula Chitumbuka chothamanga chimene sindinamve, koma mkazi wanga kumtunda anatseka pakamwa ndi chitenje. Kenako anabwerera ku Chichewa. "Alamu, lamulo ndi lamulo, mukaimika chala ndikukwezani ngakhale ndikudziwa kuti ndi uchitsiru. Mpweya watsala wa ulendo umodzi, ndipo milomo yanu yachita kale mbuu. Mukabwerezanso, sitimayi mudzaiona kumwamba."

Tinapita m'mphepete kuti ndimwe tiyi wa m'fulasiki. Apongozi anali atakhalanso pansi, chipewa atachivula n'kuchiika pabondo. Iwo sankadziwa za chala. Ankangomva kuti mkamwini akutsika n'kubwerera msanga, kutsika n'kubwerera msanga, osanena za pomwe anawotcherera.

"Mkweni," anatero motsitsa mawu, "mukuopa kundiuza. Yang'ambika eti? Nenani waka, ndine munthu wamkulu."

Apo nthabwala zinandithera. Ndinaona manja awo, odzaza zipsera za moto, akufinya chipewa chija, ndipo ndinamva chisoni chachikulu. Ndinawauza kuti sindinamalize kuona, n'kuwafotokozera za chala. Sanaseke. Mkazi wanga ndiye anavula kamphira komangira tsitsi lake, n'kundimanga chala chachikulu chakumanja kuchiphatika kuchikhatho, kuzunguliza katatu.

"Chakumanzere chisiyeni," anatero mlamu. "Chimenecho ndi cha ngozi, ndipo sindinachionepo chikuchita zamwano."

"Mvula ija yafika," anatero amama. Kunja kunali kutayamba kuwala dzuwa.

Ulendo wachitatu ndinagwira ntchito ndi zala zinayi. Ndinamaliza mzere wakumanja, ndinazungulira kumanzere, ndinalowetsa mkono m'matope kutsata mzere wautali wapansi mpaka pomwe ndinkafika, kenako ndinaupapasanso cham'kati mwa sitima. Chikhadabo sichinalowe paliponse. Kuzizira kunali kutandilowa m'mafupa, mano akuluma kapaipi okha. Nditafika kumbuyo, chapansi penipeni, chala changa cholozera chinalowa m'chibowo. Ndinaganiza kuti ndapeza pong'ambika. Koma nditapapasa bwino, chibowocho chinali chozungulira bwinobwino, m'kati mwake muli mizere yoti bawuti izimangirapo. Sichinali chong'ambika, chinali chopangidwa dala. Ndinatembenukira kwa mlamu n'kuimika chala chakumanzere, ndipo kanali koyamba tsiku limenelo kuti ndinene zimene ndinkatanthauza.

Kumtunda ndinafuna kugwada pamaso pa apongozi monga mwa ulemu, koma ndinaiwala kuti kumapazi ndavala zipsepse za mphira. Ndinagwa chammbali, botolo lili kumsana, ndipo uthenga wonse ndinaupereka nditagona choncho.

"Adada, pomwe munawotcherera sipanang'ambike ngakhale pamodzi. Koma kumbuyo, chapansi, pali chibowo chozungulira cha bawuti. Chili pululu."

"Chotulutsira madzi," anatero apongozi. Dzanja lawo linapita lokha pathumba la buluku n'kupapasa. Kenako anapukusa mutu. "Yayi. Bawuti ndinaimanga, ndikukumbukira. Mukungofuna kundisangalatsa, mkweni."

Ndinaona kuti palibe njira ina. Mkazi wanga atandidzutsa ndinati, "Adada, ine ndinakunamizanipo kamodzi. Sindinabadwire m'bwato. Ndinabadwira kuchipatala ku Blantyre, ndipo kusambira sindidziwa mpaka lero. Limenelo ndiye bodza langa. Koma za sitimazi ndi zoona."

"Za ku Chilwazo tinadziwa kale," anayankha osatembenuka n'komwe. "Chaka chija tinapita kunyanja, inu munatsala pamchenga kusunga nsapato za anthu tsiku lonse. Ndimafuna ndione ngati mungatsikebe." Anapumira m'mwamba. "Koma bawuti ndinaimanga."

Pamenepo tinamva zipi ya chikwama. Amama anatulutsa kampango koyera komangidwa mfundo, anakamasula pang'onopang'ono pamiyendo pawo, ndipo m'katimo munali chibawuti chamkuwa chonenepa ngati chitsononkho. Anachiika m'manja mwa amuna awo n'kuwapinda zala.

"Inali m'thumba la buluku lanu," anatero. "Ndinaipeza pochapa m'mawa mwake."

Apongozi anaizunguza bawutiyo m'manja, akuipapasa mizere yake monga ankandiphunzitsira ine.

"Zaka zonsezi?" anafunsa.

"Enya."

"Anthu akundiseka pamsewu, inu muli nayo m'chikwama?"

"Enya. Ndikanakuuzani mukanaivuula, mukanaimanga bawuti, n'kutsikira nayo kunyanja. Inuyo kusambira mumadziwa? Muli ngati mkweni wanuyu. Mwera ukanakupezani pakati pa nyanja, ine n'kutsala ndi ana anayi ndi mbaula zosamaliza. Ndinaona kuti bola mwamuna wamanyazi amene akubwera kunyumba madzulo."

"Mwandibera ntchito yanga, mama."

"Ndinakuberani, sindikukana. Mundikhululukire kapena musandikhululukire, koma muli pano."

Ndinkayembekezera mkangano waukulu, ndipo ndinayamba kufunafuna kolowera ndi zipsepse zanga. Koma apongozi anatembenukira komwe kunkachokera kugweguda kwa mano anga.

"Mkweni, mzere wautali wapansi uja. Munaugwira?"

"Ndinaugwira kunja ndi m'kati, adada."

"Uli uli?"

"Ngati tsitsi lolukidwa ndi munthu wodekha."

Anaseka, kuseka kwake kosamveka mawu, mapewa okha akugwedezeka, misozi ikutsikira pa tayi. Amama anawapukuta ndi kampango komwe kaja, ndipo iwo sanakane. Ine ndinaima pamenepo madzi akuchucha, ndikumva chimwemwe chimene sindinachimvepo ngakhale tsiku la ukwati wanga, ndipo ndinamva chala chakumanja chikulimbana ndi kamphira.

Kunyumba sanalankhulane masiku atatu. Tsiku lachinayi amama anapeza chogwirira cha poto wawo wakale chitawotchereredwa, mokhota pang'ono poti maso aja saonanso bwino. Sitima ikadali pansi pa damu, mlamba akukhalamo, ndipo palibe amene akufuna kuivuula. Bawuti ndiye imayenda m'thumba la jekete, ndipo aliyense wokhala nawo pafupi kutchalitchi amaigwirako, afune asafune.

Lamulungu lapitali ndinkawaperekeza pamsewu wa ku Msongwe, nditawagwira pachigongono. Bambo wina wokalamba amene anali m'kwaya tsiku lija anatiitana ali tsidya lina la msewu, ndi kamawu kake kachipongwe ka masiku onse. "A Kaputeni, mwawuka uli?"

Apongozi anga anaima, anawongola jekete, n'kutembenukira komwe kunachokera mawuwo.

"Tawuka makora," anayankha. "Yewo chomene."